Tsiku Limene Ndinapalira Dimba la Mfalansa

Nkhani iyi ndimafuna ndife nayo, koma Achemwali Esnart aifalitsa kale kwa Amalawi onse a muno mu Doha, ndipo akuithira mchere wambiri. Ndiye bola ndiinene ndekha, manyazi ake ndiwasenze pamutu panga. Mukamaseka muzisekera chamumtima, ine ndine bambo wa ana.

Dzina langa ndine Wyson, kwathu ndi ku Mitundu. Kuno ndimagwira ntchito ya usekyuliti pa hotela ina ku Al Mirqab. Nthawi imeneyo malo anga anali pa geti la magalimoto, panja penipeni. Inu amene simunafikeko kuno simungamvetse. Dzuwa la kuno siliwala, limaphika. Nsapato zimamatirira phula, thukuta limatsetsereka mpaka m'masokosi, ndipo pofika masana chipewa chimanunkha ngati mbuzi yovumbwidwa.

Loto langa linali limodzi basi: kuima pa chitseko cha ku lobby. Kumeneko kuli AC yozizira ngati ku Dedza mwezi wa June. Umavala jekete ndi tayi, ntchito yake n'kumwetulira anthu olemera. Mnzathu wa ku Nepal amene ankaima pamenepo anali pafupi kubwerera kwawo, ndipo supavaiza wathu, Mr Rajan, anatiuza pa parade kuti malowo apatsa munthu woonetsa initiative.

"Initiative ndiye kutani, boss?" ndinafunsa.

"Kugwira ntchito usanatumidwe. Ukaona vuto, usadikire, konza. Yalla, changu!"

Mawu amenewo ndinawaloweza ngati vesi la ku Sande sukulu.

Pamwamba pa hotela yathu pali lesitilanti ya Chifalansa. Kale inkanunkhira zaulemu: bakha wowotcha, nyama ya ng'ombe, batala wosungunuka. Fungo lokhalo ukalipuma bwino umatha kudumpha chakudya chamasana. Kenako kunabwera shefu watsopano, Mfalansa wowonda ngati nsungwi, dzina lake Bastien, n'kulengeza kuti za nyama zatha. Nkhuku ayi, nsomba ayi, dzira ayi. Ngakhale batala, amene ndimamva kuti Afalansa amamukonda kuposa abale awo, anamuthamangitsa. Kunatsala masamba okhaokha.

Amene anandifotokozera bwino ndi Achemwali Esnart, mayi wa ku Zomba amene amachapa nsalu za pa tebulo ndi mayunifolomu a ku khitchini. Ndi aakulu kwa ine, ndipo nkhani iliyonse ya mu hotelamo imayamba yadutsa ku londile kwawoko isanafike kwa mabwana.

"Akuti kwawo ku France ndi zimene zavuta panopa," anatero. "Mashefu akuluakulu akusiya nyama, karoti akumulemekeza ngati mkwatibwi."

"Ndiye anthu akumabwera kudzadya zimenezo?"

"Akumachita kulimbirana ma-table, achimwene! Popanda booking simulowa."

"Achemwali, kudya masamba Lolemba mpaka Lamlungu kwathu timati January. Ku France akuti fashoni?"

Tinaseka mpaka misozi. Ndikanadziwa ndikanaisunga misoziyo, chifukwa inadzafunika.

Shefu uja anatsegula dimba padenga pa hotela, m'mabokosi amatabwa, ndi neti yotchinga dzuwa komanso timapaipi todontheza madzi. Munali tomato, mabilinganya, karoti, anyezi, mbewu zolemekezeka ndithu. Ine ndinkakwerako m'mawa uliwonse ndisanapite ku geti, kukaona ngati matanki amadzi ndi chitseko chothawirapo moto zili bwino.

Tsiku lina ndikudutsa, ndinaima njii. Pakati pa tomato panali mnzanga wakalekale. Bonongwe! Wofiirira uja, womera yekha kuseri kwa khola la ng'ombe.

"Iwenso unapeza visa?" ndinamufunsa.

Anali atamera paliponse, osalemekeza mzere, kupanikiza tomato wa eni ake ngati anthu mu minibasi. M'mawa wotsatira ndinapeza Shefu atagwada pomwepo ndi kasizasi kakang'ono, akudula timasamba kamodzikamodzi, kuika m'kambale, uku akung'ung'udza m'Chifalansa. Ndinamumvera chisoni kwambiri. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kupalira ndi sizasi! Aliyense amadziwa kuti bonongwe ukamudula pamwamba ndiye wamupatsa mphamvu, mawa amaphukira mbali zonse.

Kufunsa sindinafunse. Ndifunse chiyani, ine amene ndinagwira khasu ndisanagwire pensulo? Vuto ndinaliona, ndipo Mr Rajan anati usadikire.

Lachisanu m'mawa, anthu akupuma monga mwa chizolowezi cha kuno, ndinakwera padenga. Ndinavula chipewa, kupinda malaya, n'kuyamba. Ndinazula ndi mizu yomwe, kukutumula dothi, kubwezera m'bokosi, kuunjikira tomato kuti aime bwino. Sindinasiye ngakhale kamodzi. Pomaliza ndinabwereka tsache n'kusesa. Abale, inali ntchito yokongola. Tomato uja anachita kuoneka kuti akupuma.

Kenako ndinaganiza kuti ntchito yabwino yopanda mboni ndi yotayika. Pakona pa denga pali kamera. Ndinapita kukaima patsogolo pake, kukweza mtolo wa bonongwe m'mwamba ngati chikho cha mpira, kuloza baji ya dzina langa pachifuwa, n'kumenya saluti yamphamvu. Ndinati mabwana akadzafuna kudziwa mngelo amene wawathandiza, asadzavutike.

Bonongwe kumutaya ndi tchimo. Ndinamulonga m'jumbo yakuda n'kutsikira naye ku londile.

Achemwali Esnart atasuzumira m'jumbomo anagwira pakamwa. "Mayo ine! Mwamutenga kuti ameneyu m'chipululu muno?"

"Musafunse, Achemwali. Mulungu amadyetsa ana ake kulikonse."

"Chichokereni kumudzi sindinamulaweko," anatero, maso atalengeza misozi. "Ndikamutendera ndi peanut butter, nsinjiro kulibe. Mawa lunch musagule."

Tsiku limenelo dzuwa la pa geti sindinalimve n'komwe. Ndinali wokondwa ngati munthu amene wathandiza mayiko awiri nthawi imodzi.

Loweruka linali tsiku lalikulu. Shefu ankakhazikitsa mndandanda wa zakudya zake zatsopano, ndipo mwini hotela ankabwera ndi alendo ake kudzalawa. Chakum'mawa wailesi yanga ya m'chiuno inalira.

"Wyson, roof. Now now!"

Ndinapukuta nsapato kumbuyo kwa thalauzi. Mu lifiti ndinayeserera pagalasi nkhope yodzichepetsa: "It's nothing, boss, ndi mmene tinaleredwera."

Nditafika ndinapeza Mr Rajan ataima, manja m'chiuno. Shefu anali atakhala pansi penipeni, atagwira mutu ndi manja awiri. Ndinati munthuyu chimwemwe chamugwetsa pansi.

"Waona izi?" anafunsa Mr Rajan.

"Ndaona, boss. Ntchito yaukhondo. Amene wachita izi ndi mlimi weniweni."

"Ndi chigawenga!" Shefu anakuwa, n'kudzambatuka. "Wakupha! Amarante yanga ili kuti?"

"Amara... chiyani, Chef?"

Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi. Mbale yoyera, yaikulu ngati chiwongolero cha basi. Pakati pake kanthu kakang'ono kachikasu, ndipo pamwamba pa kanthuko, atakhala ngati mfumu pa mpando, bonongwe.

"Mbewu yake ndinachita kuitanitsa kwathu kwa mlimi mnzanga," anatero. "Ndailera m'kutentha kuno ngati khanda. Chakudya chachikulu cha lero ndi chimenechi! Alendo akubwerera masamba amenewa!"

"Koma Chef," ndinayesa, "tomato wanu onani mmene wasangalalira."

"Tomato? Ndani akusamala za tomato? Tomatoyo ndinabzala kuti azipereka mthunzi kwa amarante!"

Ndiye kuti ndinathamangitsa mwini nyumba n'kusiya wantchito. Ndinaponya diso pakona. Kamera ija inkandiyang'ana ngati mnzanga wodziwa zambiri.

"Mwina ndi mbalame, boss," ndinatero.

"Mbalame yosesa?" anafunsa Mr Rajan. "Mbalame yobwezera tsache pamalo pake?"

"Mbalame za masiku ano, boss..."

"Tamvera, Wyson. Ukufuna lobby, eti? Nayi chance yako. Undipezere munthu ameneyu lero. Ukamupeza, lobby ndi yako. Iyeyo mawa akwera ndege kubwerera kwawo. Khalas, nkhani yatha!"

Ndinamenya saluti. Dzanja lomwe lija.

Tinatsikira ku chipinda cha makamera. Mmenemo AC imazizira kuposa ku lobby komwe, koma ine thukuta linkachita kudontha pachibwano. Anandikhazika pa mpando, mouse m'manja mwanga, Mr Rajan kumbuyo kwa phewa lamanja, Shefu kumbuyo kwa lamanzere.

Ndinayambira pa kanema wa Lolemba.

"Dzana zinalipo," anatero Shefu. "Lachinayi madzulo ndinazithirira ndekha. Pita Lachisanu."

"Investigation imafuna kudekha, Chef. Wakuba amayamba wazonda malo."

Tinaonera tomato akugwedezeka ndi mphepo. Lachiwiri kunatera nkhunda. Ndinaimitsa kanema pomwepo n'kuikulitsa.

"Onani maso ake, boss. Si maso a munthu wosalakwa amenewa."

"Wyson. Friday. Yalla!"

Ndinapemphera kuti magetsi azime. Ndinapemphera ndi mtima wonse, kuposa mmene ndinapempherera mayeso a Fomu 4. Koma kuno si kwathu, abale. Kuno magetsi sadziwa kuthandiza munthu.

Ndinatsegula Lachisanu. Pa sikirini panaoneka denga, m'mawa, bonongwe ali phee, osadziwa kuti imfa ikukwera masitepe. Nthawi yomweyo chitseko chinagogodedwa, n'kulowa Achemwali Esnart atanyamula kontena yokulungidwa m'kansalu.

"Achimwene Wyson, ndakusakani hotela yonse! Ndiwo zanu zija ndi izi, zikadali zofunda."

"Achemwali," ndinalankhula m'Chichewa chothina, mano ali pamodzi, "tulukani nazo. Bwererani. Chonde."

"Iii, ndituluke nazo bwanji alendo ali pompano? Mukufuna azinena kuti Amalawi ndi omana?"

Ndi mmenetu tinaleredwera: chakudya sichidutsa pamaso pa munthu osamuuza kuti tiyeni. Anatembenukira kwa Shefu ndi chimwemwe chonse, n'kutsegula chivindikiro.

"Chef! You like vegetable, eti? Taste Malawi vegetable. No meat, no butter, original!"

Fungo linadzaza chipinda chonse. Kunena zoona, ngakhale ndinali pakamwa pa imfa, malovu anatuluka. Shefu, monga munthu wa ntchito yake, sanathe kukana. Anasolola kasupuni m'thumba la pamkono, kutapa pang'ono, kulawa. Anatafuna. Anasiya kutafuna. Anapisanso supuni n'kuvuula kaphesi kofiirira, n'kukayang'anitsitsa ngati munthu wozindikira mtembo wa m'bale wake.

"Madame, masamba awa mwawatenga kuti?"

"My brother here!" anatero Achemwali monyadira, akundisisita paphewa. "Yesterday, full bag! Very good heart, this one."

Onse anali atatembenukira ku sikirini. Kanema uja ndinali nditaiwala kumuimitsa.

Munthu wa yunifolomu anali atawerama m'dimba, matako kumwamba, akuzula ndi manja awiri ngati ganyu ya pa ekala. Ankagwedeza mutu, zikuoneka kuti akuimba. Atamaliza bokosi loyamba anavinako pang'ono. Zovinazo ine sindikuzikumbukira, koma kamera sinama. Kenako anasesa, kuyenda molunjika kudza kwa ife, nkhope kudzaza sikirini yonse, kukweza mtolo m'mwamba, kuloza baji, saluti!

Mr Rajan anatambasula dzanja, kuimitsa kanema pa saluti pomwepo, n'kukulitsa baji. Anawerenga dzina langa mokweza, pang'onopang'ono, ngati mphunzitsi woitana mayina.

"Congratulations, Wyson," anatero. "Wamupeza."

Satana akafuna kukumaliza amakubwereka pakamwa. Ndinangomva mawu anga akutuluka okha: "Ndiye boss, lobby ija... munati ndikamupeza..."

Mmene anandiyang'anira, ndinameza mawu otsalawo.

Shefu anali akadayang'anabe m'kontena. "Munaphika nthawi yaitali bwanji?" anafunsa motsitsa.

"Mpaka atagonja," anayankha Achemwali, amene tsopano anali atayamba kuimva nkhani. "Ndi ka-soda pang'ono kuti afewe."

"Soda!" Shefu anagwira khoma. "Uyu anamupha, inu mwamuphanso kachiwiri! Tsamba limeneli sitiphika, Madame. Timaliika laliwisi, awiri kapena atatu pa mbale, ndi kachitsulo kopanira, kuti mlendo amve kukoma kwa nthaka."

"Laliwisi?" Achemwali anandinong'oneza m'Chichewa. "Alendo akewo ndi mbuzi?"

"Achemwali, mukundikwezetsa ndege!"

Apa nthabwala zinandithera. Ndinaona ana anga, ndinaona nyumba yanga ya ku Mitundu imene yaima pa mawindo, ndinaona ndikutsika basi ndi chikwama chimodzi, anthu akufunsa kuti ku Qatar kuja mwabwerako bwanji msanga, ine n'kumati ndinapalira. Ndinachita mantha enieni. Ndinatsika pa mpando n'kugwada.

"Chef, pepani. Kwathu ameneyu ndi udzu. Amamera yekha, sitibzala, sitipempha. Ndimati ndikukuthandizani."

Achemwali Esnart nawonso anagwada pambali panga, kontena ili m'manja, n'kuyamba kupepesa Chizomba chenicheni, kuwomba m'manja ndi kontena yomweyo. "Forgive, Chef. He has children. Mutu wake ndi wochepa koma mtima ndi wabwino."

Mfalansa uja anali asanaonepo mayi wamkulu akumugwadira. Anasokonezeka. "Non, non, Madame, dzukani!" Anayesa kuwadzutsa, iwo osatheka. Posowa chochita, nayenso anagwada. Tinakhala anthu atatu ogwada m'chipinda cha makamera, pakati pathu bonongwe wotendera, pamwamba pathu chithunzi changa chikumenya saluti. Mr Rajan yekha ndiye anaima, akuyang'ana kudenga ngati akufunsa milungu ya kwawo kuti analakwanji.

Phwando lija linachitikabe. Ndinamva kuti Shefu anawotcha karoti ndi tomato yemwe uja wa mthunzi, n'kuzipatsa dzina lalitali la Chifalansa, alendo n'kuwomba m'manja. Sizinandithandize. Kwa masiku angapo Shefu akandiona ankatembenuka ngati waona ngozi ya pamsewu.

Lolemba Mr Rajan anandiitana ku ofesi. Ndinapita nditatsanzika kale anzanga.

"Chef wakukhululukira," anatero. "Akuti ndi chifukwa cha Madame uja, osati iwe. Waitanitsa mbewu ina. Koma akufuna mlonda wa dimba lake, tsiku lonse, kuyambira m'mawa."

"Ndi nzeru yabwino, boss. Muikapo ndani?"

"Ndaganiza mofatsa. Mu Qatar monse muno, munthu amene angabe udzu umene uja ndi mmodzi yekha. Ndikamuika kukhala mlonda, tsamba likasowa sitidzavutikanso ndi makamera."

"Boss, padenga paja ndi pafupi ndi dzuwa kuposa pa geti!"

"Mafi mushkila, palibe vuto. Unaonetsa initiative, wakwezedwa. Palibe sekyuliti amene ali pamwamba kuposa iwe mu hotela muno."

Lobby anapatsa mnyamata wa ku Uganda amene chibwerereni sanakonzepo vuto lililonse. Ndimamuona ndikamadutsa, ali mu jekete, akuzizidwa mwaulemu.

Ine ndili padenga. Neti yotchinga dzuwa ija ndi ya bonongwe, ine mpando wanga uli kunja kwake. Iye amamwa madzi osefa nthawi yake ikakwana, ine ndimadikira break. Shefu akabwera ndi kasizasi kake amamulankhula mawu okoma m'Chifalansa, ine amangondiloza ndi chala n'kunena kuti, "Manja m'thumba, Wyson." Wameranso bwino, mwana wa mfiti, wonenepa kuposa woyamba uja, ndipo ndikamuyang'ana ndimaona ngati akundiseka.

Kumudzi ndinangowauza kuti ndakwezedwa, ndili ku dipatimenti ya zakudya za Chifalansa. Si bodza kwenikweni.

Ndiye tsiku lina mayi anga anandiimbira pa video, pa foni ya mlongo wanga. Ndinaimirira bwino, kukonza kolala, kuti aone nyumba zitalizitali za Doha kumbuyo kwanga.

"Wyson, wada bwanji chonchi? Ku ofesi kwanuko kulibe denga?"

"Ndi network, amayi."

"Tasuntha pang'ono. Chimene chili kumbuyo kwakocho n'chiyani?"

"Ndi dimba la abwana."

Anayandikitsa nkhope pa foni mpaka ndinangoona diso limodzi. Kenako anakuwa moti mpaka nkhunda zinauluka.

"Iwe Wyson! Dimba la abwana ako lamera tchire chotere, iwe wangoima manja m'thumba? Ndinakulera choncho ine? Tazula msanga bonongweyo asanakuchotse ntchito!"

Phunziro ndi lakuti, kwa eni udzu uziyamba waufunsa kuti ndi mwana wa yani.